Kamunthu ka pa Khomo la Manda a Lazaro

Atsibweni anga anali mmisiri womanga ziliza kwa Msakambewa. Pansi pa sutikesi yawo yachitsulo ankasungapo zithunzi zisanu ndi ziwiri, zokulunga m'pepala la pulasitiki. Amene anawapatsa anali wansembe wina wachizungu, wokalamba, yemwe anamumangira khonde asanabwerere kwawo. Anali masamba othothoka m'buku lakale kwambiri, pepala lake lochindikala, lachikasu m'mbali, lamadontho ofiirira ngati tsamba la fodya logwidwa matenda. Mawu a pansi pa zithunzizo anali a Chifalansa, chomwe kwathu kunalibe wochidziwa, koma wansembeyo anali atalemba ndi pensulo kuseri kwa tsamba lililonse: Manda a Rakele. Manda a Abisalomu. Manda a Ambuye, m'kati mwa tchalitchi ku Yerusalemu. Manda a Lazaro, ku Betaniya. Zitatu zotsalazo zinali za misewu ndi zitsime zomwe Akhristu a paulendo wopemphera ankadutsamo.

Sizinali zithunzi za kamera. Ndisanakhale mtolankhani ndinagwirako ntchito m'chipinda chosindikizira, choncho kapangidwe kake ndinkakadziwa. Mmisiri amazokota mizere pachitsulo chosalala, n'kupakapo inki, n'kupukuta pamwamba, kenaka n'kukanikizirapo pepala. Chilichonse m'chithunzi chotero ndi mizere basi. Thambo ndi mizere yotalikirana, khoma ndi mizere yoyandikana, mdima ndi mizere yopingasana mothinana.

Atsibweni ankazigwiritsa ntchito ngati buku losankhiramo. Wofuna chiliza ankamuyalira zithunzizo pamphasa, iye n'kuloza. Ndiye chifukwa chake m'manda ambiri kuyambira kwathu mpaka ku Chisepo mumapezeka tinyumba ta simenti tokhala ndi denga lozungulira ngati mphika wovundikira. Ameneyo ndi Rakele, ndipo ankasankhidwa kwambiri pomangira amayi. Amuna omwe anapitako ku migodi ankakonda Abisalomu, chifukwa ndi wamtali, wosongoka pamwamba. Lazaro panalibe yemwe anamusankhapo. Chithunzi chake chinali cha khomo.

Chaka chotsatira chisankho choyamba cha zipani zambiri ntchito inawachulukira atsibweni. Mabanja omwe anaika abale awo mwakachetechete nthawi ya chipani chimodzi, osaimba, osafunsa chomwe chawapha, tsopano ankabwera kudzafuna ziliza. Ine ndinapita kumudzi mu Julaye, ndili patchuthi cha masabata atatu. Kunkazizira koopsa. Nkhungu inkatsika kuchokera kumapiri a ku Ntchisi n'kukhala pamudzi mpaka cha m'ma teni, moti munthu unkamva kutsokomola kwake usanaone thupi lake.

Umu ndi m'mene tinawamvera mayi ena achilendo, Lachiwiri lina m'mawa, ife tili pakhonde. Anatulukira mu nkhungu pafupi ndi khola, mayi wowonda, wa zaka pafupifupi makumi asanu, zala zakuda ndi utomoni wa fodya. Pambuyo pawo panali mwana wawo wamkazi, wamkulu kale.

"Odi, amisiri."

"Fikani, mayi. Mwatsika mumtambo ngati mngelo, komatu ife tiyi wa angelo tilibe."

Mayiwo sanaseke. Anakhala pansi, n'kupereka moni ndi kalankhulidwe ka kummwera. Anati kwawo ndi ku Phalombe, amakhala pa esiteti ya fodya ya kuseri kwa phiri, ndipo akufuna chiliza cha amuna awo.

"Anagona liti malemuwo?" anafunsa atsibweni.

"Sanagone."

"Ndiye mwafulumiratu, mayi. Ine amoyo sindiwamangira, amadandaula kwambiri."

Nkhani yawo inali iyi. Amuna awo anali tenanti pa esitetiyo. Tsiku lina pokweza mabelo anafunsa, kapitawo akumva, chifukwa chomwe sikelo ya pa esiteti inkapepukitsira fodya. Mwini esiteti anali munthu wamkulu m'boma la nthawiyo. Patapita masiku atatu kunabwera galimoto masana, n'kuwatenga m'chigafa ali ndi masamba a fodya m'manja. Mwana uja anali kumsana. Panali patapita zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri.

Matenanti amasinthasintha. Akagulitsa fodya ena amabwerera kwawo, ena amasamukira ku esiteti ina. Mayiwo sanachoke. Anakhala m'kanyumba komweko, akusoka fodya wa anthu ena, kuti amuna awo akadzabwera adzawapeze pomwe anawasiya. Zinthu zitasintha, andende a ndale atayamba kutuluka, anadikira mvula ziwiri. Anapita ku boma kukafunsa, anawauza kuti dzinalo silikupezeka m'mabuku. Anapita kwa mneneri, anati ali moyo. Anapita kwa sing'anga, anati anafa kalekale. Tsopano achimwene awo anali atabwera kuchokera ku Phalombe ndi mawu a abale a mbali zonse ziwiri: aike thunthu la nthochi m'malo mwa mtembo, monga amachitira kwawoko munthu akasowa, amete, asudzulidwe, abwerere kukalima munda wa amayi awo.

"Ndiye vuto lili pati?" ndinafunsa.

Anandiyang'ana koyamba. "Munthu ukamuikira nthochi, wamupha ndiwe. Ngakhale abwere mawa ndi miyendo yake, sungamupatse madzi, sungamulowetse m'nyumba. Ndi malemu."

Atsibweni analowa m'nyumba n'kutulutsa zithunzi zija. Anaziyala pamphasa, n'kuika timiyala m'makona chifukwa cha mphepo. Mayiwo anayendetsa dzanja pamwamba pa zithunzizo osazikhudza. Anadutsa Rakele, anadutsa Abisalomu, anadutsa khamu la anthu onyamula makandulo pa manda a Ambuye. Anaima pa Lazaro.

Chithunzicho chinali cha khoma la miyala m'mbali mwa njira. M'khomamo munali khomo lalifupi, lakuda bii, ndi masitepe otsikira pansi. Kumanja kunali bulu ndi amayi awiri osenza mitsuko. Pakhomo penipeni panali kamunthu kovala mkanjo, kosaposa chikhadabo cha chala chaching'ono, theka m'kuwala, theka mumdima.

"Ndi awa," anatero mayiwo.

"Ndani?"

"Bambo a mwanayu. Taonani phewa ili, lotsika. Ndi mabelo amenewo."

"Mayi, ameneyutu ndi Mwarabu wa kalekale, agogo anu asanabadwe," anatero atsibweni.

"Ndamva, amisiri. Koma ndi awa." Kenaka anatembenukira kwa ine. "Achimwene, akuti inu ndinu a nyuzi. Zithunzi mumazidziwa kuwerenga kwake. Tandiuzani, akulowa kapena akutuluka?"

Ananeneratu poyera chomwe yankho langa lidzachite. Ngati akulowa, nthochi iikidwe Loweruka. Ngati akutuluka, achimwene awo abwerere okha ku Phalombe, iwo akhalabe m'kanyumba kaja.

Ndinali ndi kagalasi kokulitsira zinthu m'thumba la jekete, komwe osindikiza amayang'anira timadontho ta zithunzi. Ndinagwada pamphasa n'kukaika pa kamunthu kaja. Pansi pa galasi munthu anasowa, panatsala mizere. Ndinaiwerenga, inali khumi ndi isanu ndi inayi. Pamutu panalibe nkhope, komanso panalibe nkhongo. Mapazi, omwe akanandiuza komwe akulowera, anabisika ndi mwala wa pakhomo. Ojambula amakonda kuika kamunthu kotero pafupi ndi nyumba kuti woona adziwe kutalika kwa khomo, ndipo uyu sanavutike n'komwe kukapatsa kutsogolo ndi kumbuyo.

Chomwe sindinathe kufotokoza ndi ichi. Ndikachotsa galasi, kamunthuko kankaoneka kuti kandifulatira. Ndikayang'ananso, kankaoneka kuti kayang'ana kuno, ndendende kwa ine. Ndinabwereza kanayi. Mpweya wanga unachititsa galasi nthunzi, ndinalipukuta pa malaya. Pabwalo panali zii, ngakhale nkhuku sizinkamveka, ndipo nkhungu inali itabisa khola lomwe linali pamtunda wa mapazi khumi okha. Atsibweni anasuntha mwendo n'kundiponda phazi pang'onopang'ono.

"Akulowa," ndinatero.

"Mwaona bwino?"

"Ndaona bwino. Msana uli kuno."

Kuntchito anandiphunzitsa kusalemba chinthu chomwe sindinachitsimikize kawiri. Apa ndinanena chinthu chomwe sindinachione n'kamodzi komwe. Mayiwo anagwedeza mutu, n'kupukuta manja pachitenje ngati munthu amene wamaliza ntchito.

Anafuna chiliza chonga chithunzicho, chokhala ndi khomo. Atsibweni anakana. "Manda a khomo, kuno? Afititu adzandithokoza ndi mbuzi." Mayiwo anati m'dzenjemo mukagona nthochi, mwini manda akali panja, ndiye akalowera pati? Anakangana mpaka nkhungu inachoka. Pomaliza anagwirizana kuti khomo likhalepo, laling'ono, koma lotsekedwa ndi njerwa m'kati.

Loweruka ndinapita nawo ku esiteti. Eni mudzi wapafupi anali atapereka malo kumapeto kwa manda awo, mbali yomwe amaikako alendo. Adzukulu, anthu okumba manda ndi kunyamula maliro, anali a m'mudzimo, ndipo mwambo wa nthochi unali wachilendo kwa iwo. Anadula thunthu lalikulu m'dimba, n'kuchotsa tsinde lonse kuti lisadzaphuke. Pofuna kudziwa kutalika kwake anafunsa mayi aja. Iwo anapita pakhomo la kanyumba kawo n'kuika dzanja pamwamba pa mphuthu. "Ankawerama pang'ono polowa apa." Adzukulu anayeza ndi bango.

Analikulunga m'nsalu yoyera, n'kuliika pamachira a nsungwi. Adzukulu ntchito yawo ina ndi nthabwala, ndipo anayamba asananyamule n'komwe.

"Ii, malemuwatu ankadya bwino kundendeko! Taonani kulemera!"

"Gwira bwino kumutu, iwe, ungawagwetse chipewa."

"Mutu wake ndi uti? Ine ndagwira kunthochi."

Anthu anaseka, ngakhale achimwene a mayi aja. Koma thunthu la nthochi ndi madzi okhaokha. Tisanafike pakati pa njira nsalu inayamba kunyowa. Banga lakuda linatulukira cha pachifuwa n'kumakula. Madzi ozizira anayenderera pansungwi n'kutsikira m'khosi mwa mdzukulu wa kutsogolo, wanthabwala kuposa onse. Anapukuta ndi dzanja, n'kuyang'ana dzanjalo. Nthabwala zinathera pomwepo.

Manda a kwathu amakhala m'nkhalango yosadulidwa, ndipo ngakhale masana mumakhala mthunzi wozizira. Mkulu wa mpingo anapemphera mwachidule. Atatsitsa thunthulo m'dzenje, mayi aja analira koyamba. Sikunali kulira kwa pamaliro komwe tonse timakudziwa. Anaitana dzina la amuna awo mokweza, monga momwe umaitanira munthu ali kutsidya kwa munda, kenaka n'kukhala chete, mutu utapendekeka. Ndinapezeka kuti inenso ndikutchera khutu. Anaitana katatu. Kachitatu katatha anati, "Kwirirani."

Chiliza chimadikira chaka kuti dothi likhazikike, koma mayiwo anali paulendo, choncho atsibweni anachimanga sabata yanga yomaliza. Chinali kakhoma kofika m'chiuno, kojambulidwa mizere ngati miyala. Khomo lake linali lotalika zikhatho ziwiri, lakuya chikhatho chimodzi, ndipo m'kati anapakamo simenti yosakaniza ndi makala osinja. Ukaima panjira linkaoneka ngati dzenje lopanda mathero. Simenti ikadali yaiwisi, atsibweni analemba dzina ndi msomali. Pa chaka chomwalira analembapo chaka chomwe galimoto ija inabwera, popeza panalibe china cholemba.

Mayiwo anametedwa, anasudzulidwa, anakwera lole ya matenanti obwerera kummwera. Ine ndinabwerera kuntchito.

Mu Novembala ndinalandira kalata ya atsibweni, munthu yemwe ankalemba kalata kamodzi pa zaka zingapo. Inali ya mizere inayi. Inati kwabwera munthu pa esiteti kudzafunsa za mayi a ku Phalombe aja, ndipo ndibwere ngati ndingathe.

Ndinapita Loweruka lotsatira ndi kabuku kanga, n'kufunsa anthu monga ndimachitira pa nkhani iliyonse. Matenanti onse a nyengo imeneyo anali atsopano, kapitawo wakale uja anamwalira, ndipo panalibe ndi mmodzi yemwe amene anawaonapo amuna a mayi aja. Mwini golosale wa pamphambano anati mlendoyo anali wamtali, wovala jasi, wopanda nsapato. Mayi wina wa pachigafa anati anali wamfupi, wovala nsapato za matayala. Ndinafunsa ngati phewa lake lina linali lotsika. Mwini golosale anaseka. "Bambo, tayang'anani amuna onse ali panjapa. Ndani phewa lake lili bwino?" Onse anagwirizana pa zinthu zitatu zokha: anafika masana, ankalankhula za kummwera, ndipo anawatchula mayi aja ndi dzina lawo la paubwana, lomwe pa esiteti silinkagwiritsidwa ntchito, loti anthu a kumeneko anangolimva kwa achimwene awo tsiku loika nthochi.

Nkhani ya nthochi inali itamveka dera lonse. Amayi a pa esiteti atamva yemwe mlendoyo akufuna, anatola ana n'kulowa m'nyumba, n'kutseka zitseko. Anapempha madzi pakhomo lina, sanamuyankhe. Anakhala pamwala pafupi ndi chigafa mpaka wina anakaitana mdzukulu uja wanthabwala, poti zoyenda ndi malemu ndi ntchito yake.

Mdzukuluyo ndinamupeza akupanga mizere m'munda mwake. Anasiya khasu n'kundifotokozera mosaseka.

"Ndinamuuza kuti mayiwo anapita kwawo, koma manda alipo. Anati, 'Manda a ndani?' Ndinamutchulira dzina. Anati, 'Tiyeni ndikaone.'"

"Munjira analankhula chiyani?"

"Palibe. Anali pambuyo panga. Ndinkacheuka pafupipafupi poti mapazi ake sankamveka, koma m'njiramo ndi mchenga."

Atafika pachiliza, mlendoyo ananjuta, n'kuyendetsa chala pazilembo, chimodzichimodzi, ngati munthu wodziwa kuwerenga pang'ono. Atafika pa manambala anaima.

"Anati chiyani?"

"Anati, 'Chaka mwalakwitsa.'"

"Basi?"

"Basi. Ine ndinati, 'Nanga chaka chake n'chiti, akulu?' Anawerama n'kusuzumira m'kakhomo kaja nthawi yaitali, kenaka analowetsamo dzanja. Apo ine miyendo inandiuza kuti ndikayime kunjira. Ndinasuta ndudu imodzi. Pobwerera ndinapeza palibe munthu." Anatola khasu lake. "Sindikunena kuti analowa, bambo, khomo lija ndi la nkhuku. Ndikungonena kuti sindinamuone akutuluka."

Ndinapempha chilolezo kwa eni mudzi n'kupita kumandako ndi atsibweni. Ndinapeza kuti m'nkhalangomo muli tinjira titatu totulukira, ndipo tiwiri sitioneka kuchokera pomwe mdzukuluyo anaima. Ndinagwada, n'kulowetsa dzanja m'kakhomo. Zala zinagunda njerwa, yozizira, yonyowa ndi mvula yoyamba. Ndinatulutsa dzanjalo msanga kuposa m'mene ndinafunira.

Pobwerera ndinawauza atsibweni maganizo anga. Mlendoyo mwina anali mwamuna wa mayi aja, wamoyo, amene anakhala zaka zambiri kwina ataopa kubwerera. Mwinanso anali mnzake wa m'ndende, amene anamuona akufa, akudziwa chaka chenicheni, ndipo anatumidwa kudzanena. Mulimonsemo, mayiwo anayenera kudziwa.

"Asiye anthu apume, a nyuzi iwe," anatero atsibweni. "Zaka zonse zija m'kanyumba kodontha. Ukufuna abwererenso kudzakhala pakhomo?"

"Inuyo munandiponda phazi tsiku lija."

"Ndinaponda phazi. Pakamwa panali pako."

Ndinaganiza sabata yonse, kenaka ndinalemba. Mwana wawo uja anali atasiya keyala ya mpingo wa kwawo. M'kalatamo ndinaikamo zonse: za mlendo, zomwe anthu atatu aja ananena, mawu a pachiliza. Ndinaonjezanso zomwe zinkandivuta kwambiri, kuti tsiku lija m'galasi sindinaonemo msana kapena nkhope, ndinaona mizere yokha, ndipo yankho lija ndinangolipeka.

Yankho linafika mvula itatha, papepala long'amba m'kope la sukulu, lolembedwa ndi dzanja la mwana wawo. Linayamba ndi moni kwa ine ndi kwa amisiri. Linati amayi ali bwino, anawapatsa munda wa agogo, chimanga chachita, nandolo wayamba maluwa, ndipo achimwene awo awafolerera nyumba. Kenaka panali mizere iyi:

"Kalata yanu ndawawerengera kawiri. Akuti inu munayang'ana ndi galasi, anakufunsani ngati mwaona bwino, ndipo munavomera pamaso pa anthu. Akuti iwo anamva zimenezo ndipo anameta. Akuti munthu wabwerayo sakumudziwa. Akuti musalembenso."

Sindinalembenso.